A Mawamawa ndi Bawuti la Pamjigo

Sabata yatha tinamanga chiliza cha anganga anga a Lufeyo, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Anthu atadya n'kuyamba kubalalika, ine ndinakwera pampando n'kutsitsa thumba la feteleza lomwe limapachikika pakhonde pawo, kuti ndione ngati chiswe sichinalowemo. Zonse zinalimo: masipanala, ena opindika ena owotcherera, kahamala ka chigwiriro cha nsungwi, tupa yakutha mano, ndi kabotolo ka palafini kotseka ndi chitsononkho. Mlamu wanga wina wa kutauni, yemwe anangowaonapo kamodzi, anasuzumira m'thumbamo n'kupukusa mutu.

"Munthu wokonda zitsulo chonchi, osakhala ndi bokosi lomwe? Akalipentala kulibe kuno?"

Ndinaseka mpaka misozi. Bokosi anali nalo, mlamu, ndipo linali bokosi loti munthu ukaliyandikira umayamba wasamba m'manja. Kumene linapita ndifikako, koma ndiyambe ndanena za mwini wake.

A Lufeyo anali bambo a mayi anga. Sanali makaniko ayi, ndipo mukawatchula choncho ankakwiya. Anali mlimi ngati tonsefe kuno kunsi kwa Michesi: chimanga, chinangwa, nandolo, basi. Kungoti chinthu chawo chikawonongeka sankapita nacho kwa munthu. Ankati kupereka njinga yako kwa wokonza usanayese wekha kuli ngati kupempha mnzako akutafunire makaka. Njinga, wilibala, chigayo chamanja cha mtedza, mahinjesi a chitseko, zonse ankamasula okha pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, atakhala pachipika. Anthu poona kuti zawo zikuyenda anayamba kubwera ndi zawonso, ndiye pamangopo panasanduka pa chipatala cha zitsulo.

M'mudzi muno anabwera ngati mkamwini, kuchokera cha ku mpata wa Fort Lister, ali mnyamata wa ndevu zitatu. Anakhalitsa mpaka onse amene anawalandira anatha. Ankanena okha kuti bawuti lochita dzimbiri kwambiri m'mudzi muno ndi iwowo, palibenso angawazule. Anganga aakazi, a Esitere, akamva zimenezo ankayankha ali kukhitchini kuti akanadziwa akanawathira palafini kalekale.

Dzina loti Mawamawa linabwera chifukwa cha kachitidwe kawo. Mufike ndi njinga yoti nati ya gudumu yakana, mwatuluka thukuta, mukufuna kupita kumsika. Iwo ayamba akupatsani moni wautali, mpaka kufunsa za mbuzi zanu. Kenako apalapale dzimbiri ndi kawaya, adonthezepo palafini, agogodegogode ndi kahamala kaja ngati munthu wogogoda pakhomo pa apongozi, akulungepo kasanza. Akatero ankapukuta m'manja n'kunena kuti mubwere mawa. Mawalo mukafika, ayese pang'ono, apendeke mutu ngati nkhuku yomvera mphamba, adonthezenso, n'kunenanso kuti mawa. Eee, anthu ankapsa mtima! Ena ankanyamula njinga zawo kupita nazo kwa anyamata a pamsika, kumene ankazimenya ndi chitsulo mpaka bawuti kuduka. Madzulo ake mudzawaona akubwerera chozemba, njinga ili paphewa.

Sanali munthu wa miyambi. Wina akayamba zoti kuona maso a nkhono n'kudekha ankamudula, amvekere nkhono ilibe bawuti. Zawo zinali zachindunji. Ankati dzimbiri lalowa kwa zaka, ndiye iwe ndiwe ndani woti ulitulutse usanamalize kutafuna nzimbe. Ankatinso chitsulo chimalankhula chisanaduke, kungoti anthu amphamvu samva. Bawuti likamamasuka limalira mouma, likamafuna kuduka limafewa mwachinyengo, ndipo wopusa amasangalala kuti latheka. Akamagwira ntchito ankang'ung'udza mawu a Chilomwe cha makolo awo, vakhani vakhani, ndiye kuti pang'onopang'ono. Enafe Chilomwe chathu n'cha moni ndi kutukwanira mbuzi, koma mawu amenewo aliyense m'mudzi muno amawadziwa.

Ndisawapake mafuta ochuluka, anganga anali ovuta. Ukagwira sipanala molakwika ankakulanda osapepesa, kaya ndiwe mkulu wa mpingo. Kutchalitchi ankafika ulaliki uli pakati, m'zikhadabo muli bii. Chitsulo chilichonse chotayidwa panjira ankatola, moti kuseri kwa nyumba kunali mulu woti njoka zinkachitiramo misonkhano. Chaka china nandolo wawo anathetheka m'munda iwo ali kalikiliki ndi ngolo ya munthu wina, yemwe sanawapatse ngakhale zikomo. A Esitere anawanyanyala sabata yathunthu.

Nkhondo zazikulu za awiriwa zinali ziwiri. Yoyamba inali ya palafini. Masiku amene tinkaunikira koloboyi, a Esitere akagula palafini wa sabata, pofika Lachitatu nyali yayamba kuphethira. Akafunsa, anganga aamuna ankayang'ana kudenga n'kunena kuti palafini wa masiku ano amauluka. Matochi ndi masola atabwera nkhondo imeneyo inatha yokha, koma iwo anapitiriza kusunga kabotolo kawo ngati mankhwala a mwana.

Yachiwiri inali ya bokosi. Linali la mkungudza, mtengo wonunkhira uja wa pamwamba pa phiri la Mulanje, lopalidwa ndi bambo awo omwe anachokera ku Mozambique ali mwana. Ukalitsegula fungo lake linkadzaza nyumba. A Esitere analifuna chilowereni m'banja kuti azisungamo nsalu, poti mkungudza njenjete siziyandikira. Anapempha ali mtsikana, anapempha ali ndi ana, anapempha ali ndi zidzukulu. Yankho linali limodzi, loti nsalu sizichita dzimbiri. Bokosilo linkakhala pamitanda ya denga, ndipo mwana akalikhudza ankalandira khofi wa pamutu. Ine ndinali mdzukulu wokondedwa, ankanditchula kuti mkazi wanga wamng'ono, koma nanenso ndinalawapo.

Mnzawo wa pamtima anali Che Yusufu, Msilamu wa golosale ya pamsika wa kufupi kuno, panjira yopita ku Nkhulambe. Ubwenzi wawo unali wa mkangano. Kalekale, onse ali ndi tsitsi lakuda, Che Yusufu anafuna kuchotsa pedulo ya kumanzere ya njinga yawo yonyamulira katundu. Sanadziwe kuti pedulo ya mbali imeneyo mazinga ake ndi obwerera, imamasukira kumene zina zimamangira. Anakoka, anapondapo, anaitana anthu awiri, osadziwa kuti akungoimangitsa, mpaka anathyola. Kuyambira pamenepo anganga akawaona ankafunsa kuti kumanzere kuli bwanji. Che Yusufu ankayankha kuti pedulo ija inali yopangidwa molakwika, ndipo munthu wanzeru sangapange chinthu chomasukira chammbuyo. Anakangana nkhani imeneyi pamaliro, paukwati, pamzere wa feteleza, mpaka mano kutha m'kamwa. Koma Eid ikafika mbale ya mpunga inkabwera kwathu, ndipo nandolo woyamba kucha ankapita kugolosale.

A Lufeyo anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa masiku owerengeka. Sanavutike kwambiri. Madzi owasambitsira tinakatunga pamjigo wathu, ndipo amayi amene tinapita kukatunga tinangoyang'anana, chifukwa aliyense ankakumbukira chinthu chimodzi.

Chinali chaka chija mvula inagwa osapumira mpaka phiri linatsika. Akuluakulu amati napolo. Miyala yaikulu ngati nyumba, mitengo ndi matope zinadutsa m'minda ndi m'midzi. Za amene tinawataya m'midzi yoyandikana nafe sindinena pano, mtima sunapole. Kwathu kuno nyumba zambiri zinagwa, zimbudzi zinakokoloka, mlatho unapita. Galimoto sinkafika, njinga yomwe inkachita kunyamulidwa. Tinasonkhana m'tchalitchi cha pamtunda, mabanja pamwamba pa mabanja. Mvula itasiya, vuto linakhala madzi akumwa. Mumtsinje munkayenda phala lofiira, ndipo zimene zinali m'phalamo aliyense ankazidziwa. Kuwiritsa sikunkatheka, nkhuni zonse zinali zonyowa ngati chinkhupule, zinkangofuka utsi. Ana anayamba kutsegula m'mimba. Wanga wotsiriza, Tadala, anali atangosiya kuyamwa. Maso ake analowa m'kati, kulira komwe kunamukanika.

Mjigo wathu unali utakwiririka ndi matope mpaka m'khosi. Amuna anaufukula, koma popopa chogwirira chinkangopepuka, madzi osatuluka. Ine ndinali mukomiti ya mjigo, ndipo tinaphunzitsidwa kuti zikatero ndiye kuti kamphira ka pansi, kamene kamakoka madzi, kadyeka ndi mchenga. Kamphira kapadera ndinali nako, kanapulumuka m'kachitini pamodzi ndi singano zanga. Ntchito yosintha tinkaidziwa ife amayi. Chotsala chinali kutsegula chivundikiro cha mutu wa mjigo, chomwe chimagwidwa ndi bawuti limodzi lalikulu. Bawuti limenelo tinali tisanalikhudze kwa nthawi yaitali, ndipo pamwamba pa dzimbiri panalowa matope. Linati gwa.

Amene anagwira sipanala anali Fanuwelo, mwamuna wa msuweni wanga, wa kabaza, munthu wa miyendo ngati mitondo. Nayenso mwana wake anali chigonere. Anakoka, sipanala inaterereka n'kumusupula chala. Anakokanso, inatererekanso. Ndiye wina anabwera ndi chipaipi chachitali chochokera pagolo la mpira lomwe linagwa, kuti achilowetse kusipanala akokere patali anthu atatu. Akulowetsa chonchi, tinamva ndodo ikugogoda simenti. Anali anganga, matope mpaka m'mawondo.

"Fanuwelo, chotsa chipaipicho."

"Anganga, ana akutha madzi m'thupi."

"Ndamva. Chotsa."

Anapapasa mutu wa bawutilo ndi chala chachikulu, maso ali tsinzinu.

"Makona awiri wadya kale. Mukakoka ndi chimenecho mutu uthothoka, thunthu litsalira m'katimu. Ndiye alichotsa ndani? Makina obowolera ali kuboma, ndipo boma lili tsidya la mtsinje."

"Tiliwotche ndi moto," anatero wina.

"Ndi nkhuni ziti? Komanso m'mutumu muli timapulasitiki togwira chogwirira. Mukawotcha, mjigo mwaupha."

Atatero analanda sipanala m'manja mwa Fanuwelo. Inali imodzi yokha ya komiti, yokwana bawuti limenelo. Anaiika pasimenti n'kuikhalira. Anthu inu, nkhalamba yoti mphepo ikanaigwetsa, itakhalira sipanala pakati pa anthu olusa!

"Litsegulidwa mawa," anatero.

Mawu amenewo tinali titawaseka zaka zonse, koma tsiku limenelo palibe anaseka. Ndinakalipa, ndipo mpaka lero ndimati mayi aliyense akanatero.

"Anganga! Mwana wanga akufa m'manja, inu mukuti mawa? Mawa lanulo lidzamupeza?"

Sananditchule mkazi wanga wamng'ono tsiku limenelo. Ananditchula dzina.

"Aginesi, likaduka lero, mawa kulibe madzi, mkuja kulibe, mwezi wamawa kulibe. Ndipatse usiku umodzi."

"Nanga usiku umenewo amwa chiyani?"

Anganga anangoyang'ana pansi. Ndinaona kuti funso langa lawalowa, koma pasipanala sanasunthe.

Vuto lina linali loti kabotolo kawo ka palafini kanapita ndi madzi pamodzi ndi khonde. Tili chiimire choncho, kunatulukira Che Yusufu, mkanjo atapindira m'chiuno, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Anayenda wapansi m'matope kuchokera kumsika kudzaona ngati mnzawo ali moyo. Atawaona ali pasimenti paja anaima, anapukuta m'maso, kenako anati:

"Ndimati napolo wakutengani. Kodi nayenso munamuuza kuti abwere mawa?"

"Kumanzere kuli bwanji?" anatero anganga. "Palafini muli naye?"

Golosale yawo inali italowa madzi, koma anati m'nyali ya kumzikiti mungakhale wotsala. Che Yusufu anatembenuka pomwepo, osakhala n'komwe pansi. Dzuwa litapendeka anabweranso ndi palafini wa m'kabotolo ka mankhwala, komanso shuga ndi mchere zomanga m'pepala la pulasitiki, zoti tisungunulire ana.

Anganga anapala bawuti lija ndi kawaya mpaka dothi lonse linachoka. Anaumba kachikho ka dongo kuzungulira mutu wake, ngati chisa cha namzeze, kuti palafini asatayike koma azilowa m'mazinga. Anathiramo madontho, anagogoda ndi mwala, anathiranso. Kenako anaitana akazi awo.

"Make ana, tabwerani mukhalire iyi."

A Esitere anawayang'ana, anayang'ana ife, n'kukhala pasipanala paja atakonza chitenje bwinobwino. Anganga ananyamuka ndi ndodo yawo kulowera kumene kunali nyumba yawo. Chipinda chimodzi chinali chitatsala chiimire, denga lake lili pomwepo. Pobwera anali atasenza bokosi lija pamutu, louma bwinobwino. Ife tinkayesa akufuna zida. Anafika pabwalo la tchalitchi, anakhuthulira masipanala onse pansi, anabwereka chikwanje, n'kuliika bokosilo chafufumimba.

A Esitere anaona ali patali. Anaimirira, sipanala ili m'manja.

"Abambo! Limenelo ndi bokosi la bambo anu!"

"Bambo anga sakumva ludzu," anatero, n'kutema.

Sindidzaiwala kulira kwa thabwa limenelo. Analiwaza timitengo ting'onoting'ono kuti lisathe msanga. Tinatunga madzi a mumtsinje, tinawasiya adikhe, tinawasefa pachitenje, n'kuwatereka pamoto wa mkungudza. Unayaka ngati wothira mafuta. Fungo lake linadzaza bwalo lonse, pamalo pamene masiku onsewo pankangonunkha matope ndi zovunda. Madziwo sanali oti akwanire tonse ayi. Akuluakulu tinameza malovu, anamwa ndi ana okhaokha. Ndinasungunula shuga ndi mchere, n'kumamudontheza Tadala ndi supuni. Woyamba anabweza. Wachiwiri anameza. Ndinalira ngati mwana, ndipo sindinasamale kuti akundiona ndani.

A Esitere anakhala pafupi ndi moto. Utazima anafukula phulusa ndi kamtengo, anatola mahinjesi awiri a bokosilo n'kumanga pansonga ya chitenje.

"Zaka zonsezi kundikaniza," anatero, "kodi mumasungira mphika?"

Anganga anayankha kuti nsalu zawo zikanapita ndi madzi ndithu, bokosi kaya popanda bokosi. Anayambanso kukangana pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba chigwereni phiri ndinamva anthu akuseka.

Kutacha mudzi wonse unali pamjigo. Anganga anaswa kachikho ka dongo kaja, anapukuta, n'kutenga tupa. Anapala mbali zodyeka zija modekha mpaka sipanala inalowa n'kukhala nga, osagwedera. Anagogoda mutu wa bawuti ndi kahamala kawo, mbali iyi, mbali iyo. Kenako anadzutsa mutu kufunafuna munthu. Fanuwelo anali kumbuyo kwa gulu, chala atamanga sanza, nkhope ili pansi.

"Fanuwelo, bwera kuno. Mphamvu zili ndi iwe, zanga zinatha. Ine ndatsala ndi makutu."

Anabwera. Anagwira sipanala ndi manja awiri kukonzekera kukoka.

"Iyayi. Manga."

"Ndimange?"

"Manga. Pang'ono, ngati ukutseka chitseko mwana ali mtulo."

Anthu anayamba kung'ung'udza kuti nkhalamba yasokonezeka, tikufuna kumasula iyo ikuti manga. Iwo sanatembenuke. Anagunditsa khutu pamutu wa mjigo, dzanja limodzi lili pamkono wa Fanuwelo. Anali atatiuzapo kambirimbiri pamango paja kuti bawuti lokanirira umayamba walikankhira kumene linazolowera kupita, dzimbiri lisweke, kenako n'kulibweza, koma ndani ankamvetsera? Fanuwelo anakankha, misempha ya m'khosi ili tolotolo. Kenako tinamva kaphokoso kouma, kha!

"Ima! Tsopano bweza. Vakhani vakhani."

Linasuntha mwina ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Anamuimitsanso, anadonthezapo palafini, anati amange pang'ono, abwezenso. Kumanga, kubweza, kumanga, kubweza. Ulendo uliwonse linkapita patsogolo pang'ono, likulira kwii ngati khoswe. Pena Fanuwelo mtima unkamuthamanga, dzanja la anganga n'kumufinya pamkono. Thukuta linkagwera pasimenti. Ine ndinali nditagwira pakamwa, Tadala ali kumsana, ndikumva kupuma kwake pakhosi panga. Mwadzidzidzi sipanala inayenda yokha. Fanuwelo anaisiya n'kumaliza ndi zala. Bawuti linatuluka lofiira ngati lochokera m'dothi la katondo, koma lathunthu, mazinga ake onse alipo.

Analipereka kwa ine.

"Mkazi wanga wamng'ono, kalitsuke ndi waya, ulipake girizi. Kwatsalaku n'kwanu."

Ife amayi a komiti tinachotsa chogwirira, tinasolola ndodo zachitsulo imodziimodzi mpaka ya pansi, tinasintha kamphira kaja, n'kubwezera zonse. Madzi oyamba anatuluka ofiira. Tinapopa mosinthana, tikutaya, mpaka anayamba kuyera. Nthungululu zimene zinalira pamenepo anazimva a tsidya la mtsinje. Ndinatembenuka kuti ndiwaone anganga. Sankayang'ana n'komwe. Anali atabwerera pabwalo la tchalitchi, atawerama, akutola masipanala awo m'matope n'kumaponya m'thumba la feteleza lomwe anatola pomwepo.

Patapita masiku a zaumoyo anafika wapansi n'kuthira mankhwala mumjigomo, ndipo njira itatseguka Fanuwelo anatinyamula ine ndi Tadala kupita kuchipatala. Mwana anachira pang'onopang'ono, mnofu unabwerera. Wa Fanuwelo nayenso anadzuka. Pamsasa wathu wa patchalitchi sitinaike mwana m'manda. Mulungu ndiye mwini zonse, koma ine ndimadziwa zimene ndinaona ndi maso anga.

Amalume anga atamva za bokosi anafuna kuwakhomera lina. Anakana. Anati thumba n'lopepuka, ndipo palibe angalisirire kuti asungiremo nsalu. Chizolowezi chatsopano chimene anayamba chinali cha m'mawa. Tadala atayamba kuyenda bwino ankanditsatira kumjigo ndi kachitini kake, ndipo pobwera tinkadutsa pamango. Anganga ankamuimitsa, kutenga kachitiniko, kumwa pang'ono, kutafunatafuna madziwo ngati munthu wolawa mowa, kenako n'kugwedeza mutu.

"Likugwira," ankatero, kunena bawuti lawo lija.

Pomanga chiliza Che Yusufu anabwera, atatsamira mdzukulu wawo. M'manda sanalowe, anakhala pamphepete. Ndikuwaperekeza anandigwira dzanja n'kundiuza kuti pedulo ija inali yolakwika ndithu, ndipo tsopano palibe wowatsutsa, koma kupambana kotere n'kosakoma. Mahinjesi aja a Esitere anawakhomera pachitseko cha nyumba yatsopano. Salira, chifukwa amawadontheza mafuta okha.

Bawuti la pamjigo timalimasula tsopano nyengo iliyonse, mvula isanayambe ndi itatha, kulipaka girizi n'kulibwezera. Njinga zokanirira zimapita kwa Fanuwelo. Munthu uja wa chipaipi lero ndi amene amauza anzake a kabaza kuti abwere mawa, ndipo ayamba kale kumutchula Mawamawa wamng'ono. Akafuna chida chimene alibe amabwera kudzabwereka m'thumba muja, amagwirira ntchito pamango pomwepo, koma pachipika sakhalapo. Amanjuta pambali.

Chipikacho chilipo, chosalala pakati pomwe ankakhala. Patsogolo pake pali dothi lakuda la oyilo ndi palafini wa zaka zonse zija, pamene udzu sumera ngakhale m'dzinja. Mulu wa zitsulo unapita ndi napolo, patsala gudumu limodzi lomwe mtengo wa mango unalimeza m'thunthu. Ukakhala chete pamenepo m'mawa umamva mjigo ukugunda kumunsi, gu, gu, gu, ndi amayi akukangana za mzere.

M'mawa mwake mwa tsiku la chiliza tinkachokera kotunga, ine ndowa pamutu, Tadala patsogolo ndi kachitini kake. Atafika pamango anaima monga ankachitira kale. Anayang'ana pachipika, anayang'ana ine. Ndiye anakweza kachitiniko ndi manja awiri, anamwa yekha, anatafunatafuna madziwo masaya ali tutumu, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Amayi," anatero, "likugwira."